Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Chaka cha TV-pucken

M'gawo lapitalo ndinafotokoza m'mene tinakhazikikira ku Örnsköldsvik, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa dziko la Sweden, kumene ndinapeza ntchito yosamalira okalamba. Lero ndifika pa chaka chimene mwana wanga wachisamba anakwanitsa zaka 15, chaka chimene m'nyumba mwathu simunkamveka nkhani ina koma ya TV-pucken, mpikisano wa achinyamata wa masewera a hockey ya pa ayezi.

Monga m'mene mwana wa ku Ndirande amayambira kukankha mpira wachikulunga asanadziwe kulemba dzina lake, mwana wa ku Örnsköldsvik amavala nsapato zotsetserekera pa ayezi asanayambe sukulu. Tauni yaing'ono imeneyi ndi kwawo kwa Peter Forsberg, Markus Näslund, mapasa aja Daniel ndi Henrik Sedin, komanso Victor Hedman, ndipo onsewa anakatchuka mu ligi ya NHL ya ku America ndi Canada. Mwana wanga anayamba hockey chifukwa anzake onse a m'kalasi ankapita kumeneko, ndipo ine ndinavomera ndikuganiza kuti kuzizira kudzamugonjetsa pakangopita mwezi. Zaka zisanu ndi zitatu zinadutsa tikumuperekezabe mbandakucha, chikwama cha zida zake chikudzaza kumbuyo konse kwa galimoto.

Amene anandiphunzitsa tanthauzo la mpikisanowu anali agogo ena amene ndinkawasamalira kuntchito, munthu amene ankaiwala zimene wadya m'mawa koma osaiwala chigoli cha zaka makumi atatu zapitazo. Anandiuza kuti TV-pucken inayamba m'chaka cha 1959, ndipo amene anabweretsa ganizoli anali Sven Tumba, katswiri wa timu ya Djurgården ndi timu ya dziko lino. Dzinalo likuchokera pa wailesi yakanema, popeza SVT, wailesi yakanema ya dziko lino, imaonetsa masewerowo, ndi pa puck, kachimbale kakuda ka labala kamene osewera amakamenya ndi ndodo. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mumpikisanowu simulowa makalabu ayi, mumalowa zigawo. Värmland, Dalarna, Småland, Norrbotten ndi zigawo zina zimasankha anyamata awo opambana, kotero kuti ana amene akhala akugundana mapewa chaka chonse m'makalabu osiyana amavala malaya amodzi n'kumenyera dzina la dera lawo. Chigawo chathu ndi Ångermanland. Agogowo ankati akafika pa 1988, chaka chimene Forsberg ndi Näslund anatenga chikho ndi Ångermanland, Näslund n'kulandira mphotho ya Sven Tumba, mawu awo ankanjenjemera ngati akunena za ana awo owabala.

Kusankha timu kunatenga miyezi yambiri. Anyamata ankaitanidwa kumisasa yophunzitsira, ndipo msasa uliwonse ukatha, mndandanda unkafupika. Wanga ankasewera kumbuyo, ndipo pakhoma la chipinda chake analemba dzina la Lill-Strimma, mphotho imene imaperekedwa kwa wotchinga kumbuyo wabwino koposa pokumbukira Lennart Svedberg, katswiri wotchinga kumbuyo wodziwika ndi dzina limeneli, amene anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1972. Anadutsa msasa woyamba, anadutsanso wachiwiri. Ine ndinagwira ntchito usiku kwa masabata angapo kuti tigule nsapato zatsopano, chifukwa phazi la mnyamata wa msinkhu umenewo silidikira malipiro, ndipo mayi ake ankagulitsa khofi ndi masoseji pakakiyosiki ka m'bwalo monga makolo ena onse amachitira mosinthana.

Mndandanda womaliza utatuluka, dzina lake munalibemo. Tinali m'galimoto pamene anauwerenga pafoni, ndipo anangoti, “Ababa, tiyeni kunyumba.” Sindikudandaula ndi aphunzitsi amene anasankha, pakuti anyamata amene anatengedwa ndinawaona ndi maso anga ndipo anali aluso. Chimene chimandipwetekabe mpaka lero ndi zimene ndinalankhula ine. Pofuna kumutonthoza ndinamuuza kuti asadandaule, pakuti masewerawa si athu, ndi a eni dziko, ndipo ife kwathu n'ku Dedza. Sanandiyankhe. Anayang'ana pawindo mpaka tinafika, ndipo usiku umenewo nsima imene mayi ake anaphika ndi ufa wochokera kutali inagona m'mbale.

Nyengo ya masamba othothoka itafika, masewero anayamba kuonetsedwa. Ndinkaganiza kuti adzazimitsa kanema, koma ndinamupeza atakhala pansi pafupi ndi sikirini, akutchula anzake mmodzimmodzi, akukuwa pamene mnzake wa kalabu imene ankalimbana nayo kwambiri anatchinga puck ndi thupi lake. Ndinamufunsa ngati mtima sukumuwawa poona ena atavala malaya amene iye ankawalakalaka. Anatembenuka n'kunena kuti, “Ukuwawa, Ababa, koma imeneyi ndi timu yakwathu.” Mawu akuti kwathu anawatchula m'Chichewa, akuloza Ångermanland, ndipo pamenepo ndinazindikira kukula kwa bala limene ndinamupatsa m'galimoto muja.

Ndinakhala naye pansi pomwepo mpaka masewero anatha, ndipo ndinamupepesa, chinthu chimene bambo anga sanachitepo kwa ine. M'mawa mwake anandidzutsa kusanache kuti tikanoletse nsapato zake chifukwa kalabu yake inali ndi masewero Loweruka ku Sundsvall. Ulendo umenewo, ndi uthenga wa maliro umene unatipeza panjira kuchokera ku Dedza, ndidzaufotokoza m'gawo lotsatira.