Mfuti ya m'Peugeot ya malemu bambo

Malemu bambo anandisiyira Peugeot 404 ya 1968, ija ya giya wa pachiwongolero, ndipo asanatisiye anandilumbiritsa kuti ndisadzachotsemo injini yake n'kuikamo ya Toyota monga achitira anthu ambiri. Lumbirolo ndinalisunga, koma galimotoyo inkandichititsa manyazi pachitunda chilichonse. Tsiku lina ndikukwera phiri la Zomba, mnyamata wokankha njinga kupita ku nkhuni anandipitirira, n'kundipatsanso moni mwaulemu wonse.

Vuto linali mapointi, tizitsulo tolumikiza ndi kudula magetsi m'disitibyuta, chipangizo chogawira moto kumapulagi. Mapointiwa amapsa ndi kutha mpaka mpata wake uja wa mamilimita 0.4 kusokonekera, moto wa kumapulagi n'kumafooka. Ndinaitanitsa ku Johannesburg kachipangizo kamagetsi kolowa m'malo mwa mapointi, kamene kamabisala m'kati mwa disitibyuta momwemo, kotero kuti ngakhale bambo akanadzuka kudzatsegula boneti sakanaona chachilendo. Zoti ndilipire makaniko pa ntchito ya timabawuti tiwiri ndinaziona ngati kuseweretsa ndalama.

Loweruka m'mawa ndinachotsa sefa ya mpweya kuti manja azifika bwino, ndipo ndinazula mawaya onse anayi a mapulagi popanda kuika chizindikiro pa waya ngakhale mmodzi, chifukwa ndondomeko ya 1-3-4-2, imene moto umatsata pofika kumasilinda, ndinkaidziwa pamtima ngati Atate Wathu Wakumwamba. Nditamanga kachipangizoko ndinabwezera mawayawo, kuwerenga masilinda kuyambira kutsogolo, kufupi ndi redieta, monga ndinazolowerera pa magalimoto a ku Japan, kenaka ndinauza mayi a kunyumba kuti alize injini, ine nkhope nditazika pakabureta.

Chimene chinamveka sichinali kulira kwa injini. Ekizozi inaphulika ngati mfuti yagogodela, ndipo lawi linatuluka pakabureta n'kundimeta nsidze zonse ziwiri. Apongozi, amene anabwera dzulo lake kuchokera ku Ntcheu ndipo ankapeta mphale pakhonde, anaponya lichero m'mwamba n'kukwawira kunsi kwa tebulo akutchula mayina a ana awo onse, ndi omwalira omwe. Aneba anatulukira atanyamula zikwanje, akufunsa kumene akuba athawira. Nkhuku zokha ndizo zinapindula, pakuti zitabwerako kothawira zinapeza mphale ili mbwee pabwalo.

Madzulo ndinakatenga makaniko wina wachikulire amene ankakonzera bambo galimotoyi. Anayang'ana mawaya, anayang'ana pamene panali nsidze zanga, ndipo anakhala pansi kuti aseke bwino.

"Mwana wanga, Afalansa sawerenga ngati ife," anatero akupukuta misozi. "Silinda yoyamba ya Peugeot ili kumbuyo uku, kufupi ndi giyabokosi. Iwe moto ukuutumiza pamene pisitoni ikutulutsa utsi, ndiye umayembekezera nyimbo yanji?"

Anasinthanitsa mawayawo nthawi yosakwana yowiritsira tiyi, anatembenuza disitibyuta pang'ono akumvetsera ndi khutu, injini n'kulira mosalala kuposa mmene ndinaimverapo. Mtengo anautchula wowirikiza kawiri, ati theka linalo linali la ulemu wa malemu umene ndinaunyoza.

Masiku ano galimotoyi imakwera phiri la Zomba mosadandaula, ndipo pansi pa boneti zonse zikuoneka monga bambo anazisiyira. Apongozi anabwerera ku Ntcheu pa minibasi, atakanitsitsa kuti ndiwaperekeze ngakhale kukafika pasiteji.