Tsiku limene ndinatsitsa a Wang ndi sort()

Ndili pasukulu ina ku China, alembi a kunthambi yathu anandipatsa mayina a aphunzitsi kuti ndiwasanje papepala la mwambo. Anandiuza kuti ndisayang'ane udindo, ndisanje potengera kuchuluka kwa timizere ta chilembo cha mfunda. Ndi mwambo wa kumeneko, kuti wina asadandaule kuti wachepetsedwa. Ine, katswiri wa kompyuta, ndinati imeneyo ndi ntchito ya mphindi 2.

Ndinaponya mayinawo mu JavaScript, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, n'kulemba sort(), lamulo losanjira zinthu, basi. Pamwamba panatuluka a Ding, 丁, timizere 2 tokha. Ndinaona kuti zatheka. Enawo sindinawayang'ane n'komwe, ndinasindikiza mapepala 80 n'kupita kukadya.

M'mawa mwake ndinapeza a Wang, nkhalamba ya nthambi yonse, ataima pakhomo pepala lili m'manja. Sanakalipe ayi. Anangotambasula chikhatho, n'kuyamba kulembapo 王 ndi chala, uku akuwerenga mokweza: kamodzi, kawiri, katatu, kanayi. Kenako anandifunsa mofatsa kuti, "Mwana wanga, enawo mwandionjezera liti?" Anali pa nambala 5, pansi pa a Liu a timizere 6 ndi a Zhang ndi a Li a timizere 7.

Chimene chinandigwetsa n'chakuti sort() sawerenga timizere. Amangoyang'ana nambala ya chilembo mu Unicode, ndandanda imene imapatsa chilembo chilichonse nambala yake, ndipo zilembo za pakati pa U+4E00 ndi U+9FFF zinandandalikidwa potsata mizu 214 ya Kangxi, zigawo za zilembo zimene dikishonale yakale ya Kangxi inagwiritsa ntchito posanja. 丁 ali pa U+4E01, n'chifukwa chake anatsogola n'kundinamiza. 刘 ali pa 5218, 张 pa 5F20, 李 pa 674E, ndipo 王 wosalakwayo ali kutali pa 738B.

Ndinathamanga kukakonza. Njira yake ndi new Intl.Collator('zh-u-co-stroke'), ndiye compare yake n'kuipereka kwa sort(). Mukangolemba 'zh' osaonjezera kanthu, isanja potengera pinyin, kalembedwe ka matchulidwe a Chitchaina m'zilembo za ABC, a Chen n'kukhala patsogolo. Ndinasindikizanso 80.

A Wang anakwera pa nambala 2. Koma tsopano a Liu anali atagwera pansi penipeni, ngati mwala m'chitsime. Ulendo uno dzina lawo ndinalikopera mu imelo yolembedwa m'zilembo zakale zimene amagwiritsabe ntchito ku Hong Kong ndi ku Taiwan. 刘 wa masiku ano ali ndi timizere 6, koma 劉 wakaleyo ali ndi 15. Kompyuta sinalakwe, inawerenga zimene ndinaidyetsa. Ndi mmenenso 张 wa 7 amasandukira 張 wa 11. Musanasanje, mayina onse akhale a mtundu umodzi.

Alembi aja anali atasiya kundikhulupirira, moti anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Ndiwo anandiphunzitsa za ofanana timizere. Li, Zhang ndi Chen onse ali ndi 7, ndiye mumayang'ana kamzere koyamba kulembedwa: kopingasa ndi 1, kotsika ndi 2, kopendekera kumanzere ndi 3, kadontho ndi 4, kopindika ndi 5. 李 amayamba ndi 1, ndiye atsogola. 张 ndi 51, 陈 ndi 52, ndiye Zhang apambana Chen ndi kamzere kachiwiri. Manambalawo ndinawalemba ndi manja m'danga lapadera, n'kusanja kawiri: poyamba chiwerengero, kenako manambalawo.

Nditatha thukuta lonselo, alembiwo anatsegula Excel yawo ya Chitchaina, n'kudina pa zosankha za kusanja, pomwe pali kale posankha timizere. Mayina anafola okha ndisanameze n'komwe malovu.

Mapepala achitatu ndinalipira ndekha. Enawo 160 ndinawerengerapo masamu kuseri kwake mpaka chaka chinatha, ndipo a Wang akandiona pakhonde ankangondikwezera zala 4.