Lachinayi ku Nkhotakota: khoma la holo ndi nkhungu

Lero ndalawirira ndi makwerero panjinga kupita ku holo ija ya njerwa zootcha. Akomiti akhala akudandaula kuti kugula mayunitsi a magetsi kwasanduka kutunga madzi ndi dengu. Nditakwera ndapeza nyali ziwiri zakale za halogen, iliyonse ya mawati 500, zoyaka kuyambira chisisira mpaka mbandakucha. Maola 11, mayunitsi 11 usiku umodzi! Chondiwawa n'chakuti khomalo silimaoneka n'komwe, poti nyalizo zinaloza pabwalo n'kumathobwa m'maso anthu odutsa. Nditatsegula galasi la imodzi, nkhungu zouma zandikhuthukira pamalaya, zodzaza dzanja.

Ndatulutsa tinyali tinayi ta LED ta mawati 20. A tcheyamani atitembenuza uku ndi uku, kenako akuti, "Bambo, timeneti tiwalitsa chinyumba chonsechi?" Iwo amafuna zoyera mbee ngati za pomwetsera mafuta galimoto. Ndawapempha kuti andipatse mpata mpaka madzulo. Kuwala koyera kopendekera ku buluu n'kumene kumakoka tizilombo kwambiri, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja timadziwa zimene zimachitika mtambo wa nkhungu ukatuluka m'madzi n'kupeza nyali. Ndasankha zolembedwa 3000K pabokosi, zowala mofiirira ngati dzuwa likamalowa, zimenenso zimagwirizana ndi mtundu wa njerwa. Zili ndi chizindikiro cha IP65, choncho fumbi la mwera ndi mvula sizilowamo.

Ntchito yeniyeni inali yosankha malo. Ndaziika pansi, pafupifupi phazi limodzi kuchokera kukhoma, zoloza m'mwamba pakati pa mawindo. Ukaziika patali, khoma limangoti mbuu ngati pepala. Ukazisendeza pafupi, kuwala kumakwawa pakhoma ndipo njerwa iliyonse imakhala ndi kamthunzi kake, mpaka umaona dzanja la mmisiri amene anamanga.

Ndaikanso kawotchi koyatsa 6 koloko n'kuzimitsa 10 koloko. Mayunitsi 11 aja tsopano azikwana mwezi wathunthu n'kutsalako. Izi sindiziona ngati zazing'ono: masola a mamegawati 60 a ku Salima, otsegulidwa mu 2021, amathandiza dzuwa likamawala, koma kukada tonse timayang'ana ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa Shire.

Itakwana 6 koloko, khoma langoti ngwee. A tcheyamani aima chete, manja kumbuyo, kenako atuma mwana kuti akaitane mayi a kunyumba.

Pobwerera ndadutsa cha ku tchalitchi cha All Saints, kumene anaikidwa Bishopu Chauncy Maples atamira m'nyanja mu 1895. Ndatsika njinga n'kuyamba kuwerenga ndi maso kuti tinyali tingati tingakwane pamenepo, ndiponso pansi pa mkuyu uja umene Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe. Mtima wanga ukufunitsitsa ntchito imeneyo.

Mawa ndikawotcheretsa zitsulo zotchingira tinyali tija, chifukwa mbuzi zimagona m'mbali mwa khomalo.