Bondo la Florian Wirtz ndi anthu amene anamudikirira

Usiku wa pa 14 Juni 2024 kuno ku Dedza kunazizira kwambiri, monga mmene kumakhalira mphepo ikamatsika m'phiri nyengo imeneyi, ndipo tonse amene tinali m'chipinda choonetsera mpira cha pa boma tinali titadzikuta majekete ndi zipewa. Anali masewero otsegulira mpikisano wa Euro, wa matimu a maiko a ku Ulaya, pakati pa Germany ndi Scotland mumzinda wa Munich. Patangopita mphindi 10, Joshua Kimmich wa Germany anapatsira mpira mnyamata wochepa thupi amene anali chakunja kwa bokosi, ndipo iye anaumenya osauimitsa n'komwe, mpira n'kukagwera muukonde. Anzanga anadzuka m'mabenchi akukuwa, koma ine maso anga anali pa bondo lakumanzere la mnyamatayo pamene ankathamanga mokondwa, chifukwa ndinkadziwa kuti zaka ziwiri m'mbuyomo bondo limenelo linali litang'ambika m'kati. Mnyamatayo ndi Florian Wirtz, ndipo Germany inapambana masewerowo ndi zigoli 5 kwa 1.

Ine ndimaphunzitsa kusukulu ya pulayimale, ndipo madzulo ndimayang'anira timu ya anyamata apasukulupo. N'chifukwa chake nkhani ya Wirtz ndimaitsatira mosiyana ndi anzanga amene amangowerenga zigoli.

Wirtz anabadwa pa 3 Meyi 2003 ku Pulheim, pafupi ndi mzinda wa Köln, m'banja lokonda mpira, moti mchemwali wake Juliane nayenso ndi katswiri wosewera muligi yaikulu ya amayi m'dzikolo. Anayambira kutimu ya kumudzi kwawo ku Brauweiler, ndipo mu 2010, ali ndi zaka 7, anatengedwa ndi sukulu ya mpira ya timu ya 1. FC Köln. Kumeneko anakhalako pafupifupi zaka 10, ndipo mu 2019 anapambana nawo chikho cha m'dziko la Germany cha anyamata osapitirira zaka 17. Mfundo imeneyi anthu amaidumpha msanga, koma ine ndimaiona kuti ndi yaikulu: pamene dziko linkamuona koyamba, mnyamatayu anali atakhala kale zaka 10 m'manja mwa aphunzitsi a mpira odziwa ntchito yawo, akusewera pabwalo losalala ndiponso akupimidwa thupi kawirikawiri. Anyamata anga amafika zaka 14 asanavalepo nsapato za mpira, ndipo luso lawo lonse amalitola pampira wa chikulunga.

Mu Januwale 2020 anasamukira ku Bayer Leverkusen, timu yoyandikana nayo, ndipo a Köln anakwiya kwambiri ponena kuti matimu a m'chigawocho anali ndi mgwirizano woti asamalandane ana. Patangopita miyezi yochepa, ligi yaikulu ya ku Germany, ya Bundesliga, itayambiranso m'mabwalo opanda ochemerera chifukwa cha mliri wa Covid-19, mphunzitsi Peter Bosz anamuika m'timu yoyamba pa 18 Meyi pamasewero a ku Werder Bremen, ali ndi zaka 17 ndi masiku 15. Pa 6 Juni anamwetsa chigoli Manuel Neuer, goloboyi wa Bayern Munich, n'kukhala wosewera wamng'ono kwambiri kugoletsa m'mbiri ya ligiyo, ngakhale kuti Youssoufa Moukoko anadzamulanda mbiri imeneyi chaka chisanathe. Mu 2021 anapambana chikho cha ku Ulaya ndi timu ya dziko lake ya osapitirira zaka 21, atagoletsa zigoli ziwiri pokumana ndi Netherlands mundime yachiwiri kwa yotsiriza, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho mphunzitsi Hansi Flick anamulowetsa koyamba m'timu yaikulu ya Germany.

Kenako panafika 13 Malichi 2022. Leverkusen inkasewera ndi Köln yomwe ija, ndipo Wirtz anagwa pansi atagwira bondo, n'kutulutsidwa m'bwalo pamachira. Mtsempha umene madokotala amautcha ACL unali utaduka. Mtsempha umenewu uli m'kati mwenimweni mwa bondo, ndipo ntchito yake ndi kugwira fupa la msongolo kuti lisamatsetserekere kutsogolo munthu akaima mwadzidzidzi kapena akatembenuka phazi lili chipondere pansi. Ukaduka nthawi zambiri sulumikizana wokha, ndipo kwa wosewera mpira madokotala amachita opaleshoni yoikapo mtsempha wina, womwe kawirikawiri amautenga pamwendo wa munthu yemweyo. Chonyenga chake n'chakuti kutupa kukaphwa munthu amayamba kuyenda bwinobwino, ena mpaka kuthamanga molunjika, n'kumaganiza kuti achira, koma tsiku limene adzayese kuchenya mnzawo bondo limagwederanso ndipo zina zam'kati zimaonongeka.

Zimenezi ndinadzazimvetsa nditalakwitsa kale. Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi mnyamata wa Sitandade 8 wosewera pakati, amene mpira unkamumvera kuposa mwana aliyense amene ndamuphunzitsapo. Tsiku lina m'chilimwe, bwalo litauma gwa, anapotokola bondo popanda womugunda, ndipo pofika madzulo linali litatupa. Kunyumba anamuthowa ndi madzi otentha, kuchipatala anamupatsa mankhwala opha ululu ndi bandeji, ndipo chithunzi cha mafupa chinaonetsa kuti palibe chothyoka, zomwe zinali zoona, chifukwa mtsempha suoneka pachithunzi chotero. Patatha milungu itatu iye ankayenda osatsimphina, ndipo popeza tinali ndi masewero aakulu ndi sukulu ina ya m'dera lathu, anandichonderera kuti, "Aphunzitsi, ndachira, ndiloleni ndisewere." Ndinamulola. Sanamalize chigawo choyamba, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanasewerenso mpira wa mpikisano. Cholakwa chinali changa, chifukwa mwana wa zaka 15 sangadziletse yekha, ndipo munthu wamkulu amene anayenera kumuletsa ndinali ineyo.

Tsono taonani zimene zinachitikira Wirtz. Anakhala kunja kwa bwalo miyezi 10 yathunthu. Mu Juni 2022, asanayambe n'komwe kumenya mpira, Leverkusen inamuonjezera mgwirizano wa ntchito mpaka chaka cha 2027, komwe kunali kumuuza kuti achire mtima uli m'malo. Mpikisano wa dziko lonse wa ku Qatar unayamba mu Novembala, ndipo ngakhale kuti Germany inkafunikira wosewera wamtundu wake, iye sanapiteko, ndipo timuyo inabwerera mundime ya m'magulu itagonja ndi Japan. Leverkusen nayo inali pamavuto, moti pamene mphunzitsi watsopano Xabi Alonso ankafika mu Okutobala 2022 inali yachiwiri kuchokera pansi paligi. Zifukwa zomuthamangitsira zinalipo zambiri, koma anabwerera m'masewero a ligi mu Januwale 2023. Sindikunena kuti anthu a ku Leverkusen ndi achifundo kuposa ife, ayi, chifukwa iwo ankateteza chuma chawo ndipo anali ndi madokotala, makina ndi akatswiri a mafizo amene ife tilibe. Komabe pa zinthu zonse zimene anamuchitira, chimodzi sichifuna ndalama, ndicho kukana kumulowetsa m'bwalo nthawi isanakwane.

Zipatso za kudikirako zinaoneka m'chaka cha mpira cha 2023 mpaka 2024. Leverkusen inali isanatengepo ligi chiyambire, ndipo anthu ankaiseka ndi dzina lakuti Neverkusen, kutanthauza timu yosatenga chikho, makamaka chifukwa cha 2002 pamene inaphonya ligi, chikho cha m'dziko ndi Champions League m'milungu yochepa. Pa 14 Epulo 2024, pokumana ndi Werder Bremen, Victor Boniface wa ku Nigeria anagoletsa penate, Granit Xhaka anaonjezera, ndipo Wirtz, amene analowa chigawo chachiwiri, anamwetsa zigoli zitatu zotsatizana mpaka ochemerera anasefukira m'bwalo. Leverkusen inatenga ligi tsiku limenelo, ndipo ulamuliro wa Bayern wa zaka 11 unathera pomwepo. Leverkusen inamaliza ligi osagonjako, itapambana masewero 28 ndi kufanana mphamvu kasanu n'kamodzi, ndipo inatenganso chikho cha m'dziko chotchedwa DFB-Pokal. Kugonja kwake kokha kunali mundime yotsiriza ya Europa League ku Dublin, kumene Ademola Lookman wa Atalanta anaimwetsa zigoli zitatu. Wirtz anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse muligi chaka chimenecho.

Kasewero kake kamafuna kuti munthu asiye kutsatira mpira n'kuyang'ana iyeyo. Amakonda kuima pampata wa pakati pa osewera apakati ndi otchinga kumbuyo a timu inayo, malo amene aliyense amaganiza kuti mnzake ndiye akuwalondera. Mpira usanamufike amakhala atacheuka kawiri kapena katatu, choncho akamaulandira amadziwa kale kumene mdani ali ndi kumene mnzake akuthamangira, ndipo kukhudza kwake koyamba kumakhala kale kutembenuka. Alibe thupi lalikulu ndiponso si wothamanga kuposa onse, koma amachita zinthu ena akuganiza. Kutembenuka kotereku ndi kumene kumalemetsa kwambiri mtsempha uja, ndipo n'chifukwa chake ndimakhulupirira kuti akanabwerera msanga, akanataya chinthu chenicheni chimene chimamusiyanitsa ndi anzake.

Kutimu ya dziko lake chigoli choyamba chinachedwa, koma chitabwera chinadabwitsa. Pa 23 Malichi 2024 ku Lyon, masewero atangoyamba, Toni Kroos anamuponyera mpira ndipo iye anaumenya chapatali n'kumwetsa France masekondi 10 asanakwane. Ku Euro, pambuyo pa chigoli cha Scotland chija, mphunzitsi Julian Nagelsmann anamuyambitsira pabenchi pamasewero a Spain ku Stuttgart pa 5 Julayi, chinthu chimene mpaka lero ndimachiona kuti chinali cholakwika. Atalowa chigawo chachiwiri anabweza chigoli cha Dani Olmo wa Spain pamphindi ya 89, koma Mikel Merino anagoletsa ndi mutu pamphindi ya 119 ndipo Germany, eni bwalo, anatuluka mumpikisano.

Mu Juni 2025 Liverpool inamugula pamtengo wa mapaundi 100 miliyoni, umene ungathe kufika 116 miliyoni, ndipo anapatsidwa jezi ya nambala 7. Miyezi yake yoyamba ku England inali yovuta, chifukwa anasewera masewero ambiri a ligi osagoletsa, ndipo m'chipinda chathu chija masapota a matimu ena ankamunena kuti ndalama zinatayika. Mpira wa kumeneko ndi wothamanga ndiponso wogundana kwambiri, ndipo kampata kamene ankakapeza ku Germany kamatsekeka msanga. Kuonjezera apo, ku Leverkusen timu yonse inkadziwa kuti mpira uyenera kudzera kwa iye, pamene ku Liverpool anapeza akatswiri ena amene anali kale ndi kaseweredwe kawo. Ine sindimulonjezera chilichonse, koma sindivomereza kuti wosewera wa zaka 22, amene wangosintha dziko, chilankhulo ndi anzake, aweruzidwe ndi miyezi yochepa, makamaka amene anapirirapo kale miyezi 10 akuphunzira kupondanso pansi.

Kusukulu kwathu tsopano ndinaika lamulo lakuti mwana amene bondo latupa sasewera mpaka ataonedwa ndi achipatala ndiponso mpaka atatha kudumpha ndi mwendo umodziwo, kuima ndi kutembenuka popanda kugwedera. Makolo ena amadandaula, anyamata amandikwiyira, ndipo chaka chatha tinagonja masewero amene mwina tikanapambana. Mnyamata wanga uja pano ndi bambo wa mwana mmodzi, ndipo amagulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu wa M1. Kukazizira bondo limamuwawabe. Amasapota Liverpool, ndipo timu yake ikamasewera timakhala benchi limodzi, iye n'kumandikodola nthawi iliyonse Wirtz akacheuka mpira usanamufike, kuti, "Aphunzitsi, mwaona? Wayang'ana kale."