Mmene tinasiyira kudalira rekoda pochotsa phokoso

Bizinesi yathu yojambula ndi kulemba zokambirana za anthu ochita kafukufuku tinaiyamba awiri, ine ndi mng'ono wanga, tili ndi rekoda imodzi yokha ya m'manja. Rekodayo inali ndi njira yochepetsera phokoso payokha, ndipo tinkaiyatsa nthawi zonse poganiza kuti ikutipeputsira ntchito.

Maganizo amenewa anatha tsiku limene tinajambula mayi ena achikulire, olankhula motsitsa, m'chipinda momwe munkazungulira fani. Titamvetsera madzulo ake, phokoso la fani linali litachepadi, koma mawu a mayiwo ankamveka ngati akuchokera pansi pa madzi, ndipo ma "s" ndi ma "f" ambiri anali atasowa. Makinawa amatenga chilichonse chomveka motsika ndi mosalekeza kukhala phokoso, ndipo zilembo zimenezi zimafanana kwambiri ndi mpweya wa fani. Komanso AGC, imene imakweza ndi kutsitsa yokha mphamvu ya mawu, inkakweza phokosolo mayiwo akangopuma pang'ono. Chimene chinandiwawa mtima n'chakuti zimene rekoda yachotsa pojambula sizibwereranso, ndipo sikunali kotheka kuwapempha mayiwo kuti abwereze nkhani ya maola awiri imene anaifotokoza ndi mtima wawo wonse.

Kuyambira pamenepo timajambula mu WAV (mtundu wa failo ya mawu yosapanikizidwa) ya 24-bit pa 48 kHz, ndipo mphamvu ya mawu timaiika tokha kuti isamapitirire -12 dB. Chokhacho chimene timalola rekoda kuchita ndi low-cut ya 80 Hz, njira yodula mamvekedwe a besi kwambiri a pansi pa mlingo umenewo, chifukwa imachepetsa kugunda kwa mphepo, kukhudzika kwa manja ndi kulira kwa magetsi kwa 50 kapena 60 Hz, pamene mawu a mwamuna wamkulu amayambira cha pa 85 Hz. Tikamajambula munthu wa mawu a besi sitiikweza kufika pa 120 Hz, popeza mawu ake amaonda. Chithandizo chachikulu kuposa zonsezi ndi kuyandikitsa maikolofoni, pakuti mtunda ukachepa ndi theka, mawu amakwera ndi pafupifupi 6 dB pamene phokoso la m'chipinda limakhala momwemo.

Sindikunena kuti njira yochepetsa phokoso ndi yoipa paliponse. Marekoda ena amaigwiritsa ntchito pomvetsera pokha osakhudza failo, ndipo imeneyo ndimaiyamikira kwambiri tikamalemba. Koma kuyeretsa kwenikweni timakuchita pa kompyuta, mu pulogalamu ya Audacity, pa kope osati pa failo yoyambirira. N'chifukwa chake tisanayambe kufunsa mafunso timapempha onse kukhala chete kwa masekondi 30, kuti pulogalamuyo ipeze chitsanzo cha phokoso la malowo.

Lero tili ndi marekoda anayi ndi antchito atatu, ndipo aliyense watsopano amayamba wamvetsera kachigawo ka tsiku la fani lija, mayiwo atatiloleza, asanagwire rekoda.