Galaja yathu ya mabuleki inabadwira pamtsetse

Galaja yathu inayamba ndi mantha amene ndinachita tsiku lina ndikutsika mtsetse wautali. Ndinali ndi galimoto yaikulu yakale ya mtundu wa SUV, ndipo tsikulo inali yodzaza: mkazi wanga pambali, ana atatu kumbuyo, katundu mpaka padenga. Ndinkatsika phazi lili pabuleki monga ndinazolowera. Tili chapakati, pedulo inayamba kufewa, kenako inangolowa pansi ngati ndaponda siponji. Ndinapopa kangapo, n'kubweza giya pa 2, kenako pa 1, uku ndikukoka handibuleki pang'onopang'ono, mpaka tinaima m'mphepete mwa msewu. Kumawilo akutsogolo kunkatuluka fungo la chinthu chopsa. Mkazi wanga sananene kanthu, anangotembenuka n'kuwagwira anawo.

Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti mwezi womwewo ndinali nditataya ndalama zambiri pa mabuleki omwewo. Ndinagula madisiki (mbale zachitsulo zimene buleki imagwira poimitsa wilo) oboolaboola, onyezimira, ndipo ndinkadziuza kuti nkhani ya mabuleki ndathana nayo. Nthawi imeneyo ndinali makaniko wolembedwa ntchito, ndipo mtima wanga wonse unali pa injini. Mawa lake ine ndi mlamu wanga tinakweza galimotoyo pajeke n'kumasula chilichonse. Mafuta a mabuleki anali bii. Kalipa ya kumanzere, chida chimene chimakanikiza mapadi a buleki pa disiki, inali ndi pini imodzi yogwidwa ndi dzimbiri, moti padi imodzi inali itatha pamene inzake inali ikadali yonenepa. Buleki imeneyo inkagwira ngakhale ndisanaponde, ikutentha ulendo wonse, mpaka mafuta akalewo anawira.

Apa m'pamene ndinaphunzira chinthu chimene lero ndimauza aliyense wolowa pakhomo pathu. Mafuta a mabuleki a mitundu yotchedwa DOT 3 ndi DOT 4 amamwa chinyezi cha mumpweya, ngakhale galimoto ingoima. DOT 3 yatsopano siyenera kuwira isanafike madigiri 205, koma ikamwa madzi muyezo wake umatsika kufika pa 140. DOT 4 imayambira pa 230 n'kutsika kufika pa 155. Mafuta akawira mumakhala nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, n'chifukwa chake phazi limangolowa pansi galimoto osaima. Madisiki anga okongola aja analibe chochita pa vuto limeneli. Botolo limodzi kapena awiri a mafuta atsopano ndi kagirizi pang'ono zikanatipulumutsa ku mantha onsewo.

Patapita miyezi ingapo ndinasiya ntchito, ndipo ine ndi mlamu wangayo tinachita lendi kashedi kolowa galimoto ziwiri. Tinali ndi jeke imodzi, zochirikizira zinayi, bokosi la masipanala ndi chida choyezera kunenepa kwa disiki. Tinagwirizana kuti tizikonza mabuleki okha, makamaka a ma SUV akale monga Prado, Pajero ndi Patrol, amene eni ake amawakonda koma alibe ndalama zotaya. Anzathu ambiri anati tifa ndi njala, chifukwa makaniko sasankha ntchito. Miyezi yoyambirira zinkaoneka ngati akunena zoona. Tinkatha kukhala tsiku lathunthu osalandira galimoto, ndipo kawiri konse mlamu wanga anandifunsa ngati tingayambe kulandirako ntchito za injini. Ndinakana. Ndinkaona kuti galimoto zimenezi zili ndi vuto lakelake limene anthu salisamala.

SUV yamtunduwu imalemera pafupifupi matani 2 musanakwere munthu. Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro lake kukhala kutentha, ndipo liwiro likawirikiza kawiri kutenthako kumawirikiza kanayi. Poima, kulemera kumathamangira kutsogolo, makamaka pa galimoto yaitali msinkhu, choncho mawilo akutsogolo ndi amene amasenza ntchito yambiri. Tsono onjezani zaka: mapaipi a labala ofooka, mapini ouma, mabuleki akumbuyo a mtundu wa madiramu amene palibe anawatsegula kwa nthawi yaitali. Anthu ambiri amabwera akunena kuti mabuleki a galimoto yawo ndi aang'ono. Tikayang'ana timapeza kuti ndi okwanira, koma akugwira ntchito theka.

N'chifukwa chake ntchito yathu imayambira pa zinthu zosaoneka. Timamasula makalipa, kutsuka mapini ndi kuwapaka girizi ya silikoni. Girizi wamba imatupitsa timalabala tophimba mapiniwo, ndipo tawonapo makalipa ambiri ogwidwa chifukwa cha girizi yolakwika imene wina anapaka ndi mtima wabwino. Timayeza disiki n'kufananiza ndi nambala yolembedwa pa disikiyo, imene imanena malire a kupyapyala kwake. Ngati sinafike pamalirewo ndipo ilibe ming'alu, sitiuza munthu kuti agule ina. Timapala dzimbiri pamene disiki imakhala, chifukwa kadzimbiri kochepa kokha kamapendeketsa disiki, chiwongolero n'kumanjenjemera poponda buleki. Kumbuyo, ngati kuli madiramu, timatsuka ndi kusintha zoyandikizira kuti nsapato zake, zimene zimagwira diramu mkati, zisamayende mtunda wautali zisanagwire. Pomaliza timachotsa mafuta onse akale, kuthira DOT 4 ndi kutulutsa mpweya. DOT 5 sitiigwiritsa ntchito pa galimoto zimenezi: ndi ya silikoni ndipo sisakanikirana ndi enawo, ngakhale dzina lake likufanana ndi DOT 5.1 imene imasakanikirana nawo.

Zimenezi zikatha m'pamene timakamba zogula, ndipo ngati munthu ali ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha, timamuuza kuti agule mapadi abwino. M'mphepete mwa mapadi ambiri mumalembedwa zilembo ziwiri, monga EE, FF kapena GG. Choyamba chimanena mmene padi imagwirira ikakhala yozizirirapo, chachiwiri ikatentha, ndipo F imagwira kuposa E. Pa galimoto yolemera, yokoka ngolo kapena yotsika mitsetse kawirikawiri, ife timakonda mapadi osakaniza ndi chitsulo. Amadetsa mawilo ndi fumbi, nthawi zina amalira, koma amapirira kutentha. Timayang'ananso chizindikiro cha ECE R90 pabokosi, chosonyeza kuti padiyo inayesedwa poifananiza ndi imene galimoto inabwera nayo. Mapaipi olukidwa ndi waya timaika pamene a labala akalamba kale. Pedulo imalimba bwino, koma sitinamiza munthu kuti galimoto iziima msanga chifukwa cha mapaipiwo. Madisiki oboolaboola sitigulitsa. Akatentha ndi kuzizira mobwerezabwereza, ming'alu imakonda kuyambira pa mabowowo, ndipo disiki wamba yabwino imakwanira.

Kukana kugulitsa kumatitayitsa makasitomala ena, ndipo sindibisa kuti zimandiwawa. Bambo wina anabwera ndi SUV yokwezedwa, ya matayala akuluakulu, atanyamula chithunzi cha makalipa ofiira pafoni. Anati, "Achimwene, mundiikire awa, mabuleki angawa sakugwira." Ndinawayankha kuti, "Bambo, walira mvula walira matope. Matayala mwaikawa ndi amene afooketsa mabuleki anu." Tayala lalitali limachepetsa mphamvu imene buleki ili nayo pa wilo, ndipo limalemeranso. Ndinawaonetsanso kavavu ka kumbuyo kamene ma SUV ambiri akale ali nako, kolumikizidwa ndi ekiselo. Kamaona mmene galimoto yatsikira ndi katundu n'kuwonjezera mphamvu kumabuleki akumbuyo. Galimoto ikakwezedwa popanda kusintha kavavuko, kamaona ngati kumbuyo kulibe kanthu, ndiye mabuleki akumbuyo amangotsala pang'ono kugona. Bambowo anakwiya n'kuchoka. Patatha milungu itatu anabweranso, makalipa ofiira aja atawagula kwina koma vuto lili pomwepo. Tinasintha kavavuko ndi mafuta, n'kupita nawo kukayesa. Kuyambira pamenepo atitumizira anzawo ambiri, ndipo makasitomala athu ochuluka anabwera mwa njira yomweyi, wina kuuza mnzake.

Pali zinthu ziwiri zimene timachita kwaulere chifukwa zimandidetsa nkhawa. Choyamba ndi kuyang'ana matayala. Buleki imaimitsa wilo, koma chimene chimagwira msewu ndi tayala, ndipo tayala lotha kapena louma ndi ukalamba limatsetsereka ngakhale mapadi akhale abwino chotani. Ndauzapo anthu angapo kuti ndalama anabweretsazo akagulire matayala, mabuleki adzabwere mwezi wamawa. Chachiwiri ndi kuzoloweretsa mapadi atsopano. Sitipereka makiyi tisanapite pamsewu wopanda anthu, kufika pa liwiro la makilomita 60 pa ola, kuponda mwamphamvu mpaka pafupifupi 10 koma osaima, kubwereza kangapo, kenako kuyenda osaponda kuti zizizire. Zimenezi zimasiya kansalu kopyapyala ka padi pa disiki mofanana paliponse. Ukaima nji phazi lili pabuleki yotentha, padi imadinda malo amodzi, ndipo mwini wake amabwera mawa akudandaula kuti disiki yapindika.

Pa ulendo woyesawu ndimakonda kuti mwini galimoto akhale pambali panga. Ndimamuuza za mtsetse uja, ndipo ndimamuonetsa kutsika ndi giya yotsika kuti injini ithandize, buleki n'kumaponda mwamphamvu kwa kanthawi kenako n'kusiya kuti ipume. Ngakhale galimoto zambiri za otomatiki zili ndi 2 ndi L pa giya pa chifukwa chimenechi, koma ambiri sanaikepo dzanja pamenepo.

Lero shedi yathu imalowa galimoto zinayi, ndipo tili ndi anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi amene akuphunzira ntchito. Mlamu wanga amasunga kabuku kamene timalembamo tsiku limene tinasintha mafuta a mabuleki pa galimoto iliyonse, ndipo zaka 2 zikakwana amaimbira mwini wake foni. Pashelefu, pafupi ndi chitseko, pali botolo loonekera mkati lokhala ndi mafuta akuda aja amene tinachotsa mu SUV yanga. Wophunzira aliyense watsopano ntchito yake yoyamba imakhala kutsuka mapini a kalipa, ndipo sakhudza padi kapena disiki mpaka pini iliyonse izilowa ndi kutuluka ndi zala ziwiri zokha.