Momwe ndimakonzekeretsera ana mpikisano wothamanga mtunda wautali m'tchire (cross country) kuno ku Ngabu

Choyamba ndi nthawi. Kuno kuchigwa mwezi wa Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye timayamba mbandakucha. Ikamakwana 8 koloko nthaka yayamba kale kuotcha, pomwe ana ambiri amathamanga opanda nsapato.

Ndisanatulutse mwana aliyense, ndimayenda kaye njira yonse ndi anyamata akuluakulu. Masewerawa si apabwalo ayi, timadutsa m'minda yokololedwa ndi m'tchire. Dothi la makande likauma limachita ming'alu yoti phazi la mwana n'kulowa lonse, choncho timakwirira kapena kupatutsa njira. Timachotsa minga, n'kumanga nsanza zofiira pamitengo paliponse pokhota. Mchenga wa mumtsinje wouma ndimausiya dala. Zitunda kuno n'zosowa, ndiye miyendo imalimbira momwemo.

Pamipikisano yapadziko lonse, anyamata osafika zaka 20 amathamanga makilomita 8, atsikana 6. Anga ndimawayambitsa ndi makilomita awiri okha, pa liwiro loti azitha kucheza akuthamanga, kenako timawonjezera pang'onopang'ono. Makolo okaniza ana aakazi ndimawakumbutsa za Catherine Chikwakwa, Mmalawi amene anatenga mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wapadziko lonse ku Italy mu 2004.

Chovuta kwenikweni ndi kuwamvetsetsa kawerengedwe ka mapointi. Mwana akafika woyamba amabwera akuwefuka: “Sala, ndiye tawina eti?” Ndimati dikira anzako. Aliyense akamaliza amalandira kakhadi kolembedwa malo amene wafikira, ndipo timaphatikiza manambala a anayi oyambirira a timu iliyonse. Yopeza ochepa ndiyo yapambana. Ndimawalembera pansi ndi kamtengo: sukulu ina yatenga 1, 2, 15 ndi 20, pamodzi 38, ina yatenga 5, 6, 7 ndi 8, pamodzi 26. Yachiwiriyo yawina, chikhalirecho palibe wake amene anatsogola. N'chifukwa chake mphamvu zanga zambiri zimathera pa mwana wachitatu ndi wachinayi, osati pa katswiri amene aliyense amamuimbira m'manja. Ndimawathamangitsa m'kagulu, ndipo wophulika koyambirira ngati akuthawa njuchi ndimamubweza.

Madzi timatungiratu dzulo lake pamjigo wosachita mchere, zigubu n'kuziika pamthunzi wa mlambe pomalizira. Mwana akayamba kudzandira kapena kudandaula chizungulire, ndimamuimitsa pomwepo, kaya akutsogola.